Greenwell ndi Chiphaso cha Amayi Ake

A Greenwell Kanyumbu anakhala m'nyumba mwanga ku Tottenham zaka ziwiri ndi miyezi, iwo ndi akazi awo Petronella, m'chipinda cham'mwamba choyang'ana kunjanji. Ndiye amayi anzanga a Lachinayi, zimene ndikulemba pano si zomva kwa anthu ai. Makoma a nyumba za kuno mukuwadziwa, munthu akatsokomola uko iwe kuno umayankha kuti pepani. Mwakhala mukundifunsa mmodzimmodzi pakhomo la tchalitchi, ndatopa, ndiye ndinene kamodzi. Ambuye andithandize ndisawonjezere.

Munthuyu anabadwira ku Dowa, mudzi wina kuseri kwa Mponela. Anali chitsiriza cha a NaChisale. Bambo awo anamwalira iwo akuyamwa, ndipo mwa ana asanu amene mayiyo anabereka, amene anakula ndi iwo okha. A NaChisale anawalera ndi ganyu wosoka fodya. Sukulu anafika Fomu 2, fizi n'kutha, basi n'kukalowa ntchito ya pasikelo kwa venda wina wogula mbewu pa Mponela pomwepo. Anakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kuyeza chimanga, soya, mtedza.

Pasikelo paja ndi pamene a Greenwell anali munthu. Akayamba kukamba za kumeneko m'khitchini mwanga tiyi ankazizira. Ankati iwo akaona mvula ya Disembala ndi mtengo wa feteleza, ankadziwiratu kuti pofika Febuluwale thumba lidzakhala pa zingati, ndipo sankaphonya. Ankagulanso chimanga chili chiimire m'munda, chisanakhwime, kwa anthu amene njala yawapana. Ine ndinawauza kuti achimwene, kumeneko ndi kudya anthu amoyo. Anangoseka, amvekere wanjala sam'kakamiza, amabwera yekha.

Petronella ndi namwino. Anatsogola ndi iyeyo, atapeza ntchito pachipatala ku Romford, patapita chaka n'kuitanitsa mwamuna wake. Mwana wawo ndi mmodzi yekha, Chiyamiko. Iyeyo anam'siya ndi agogo ake ku Dowa ali ndi zaka khumi ndi zisanu, kuti amalize sukulu, komanso poti chipinda chimodzi simungagonemo ndi mtsikana wamkulu. Koma panali tsiku. Mwana akakwana zaka 18 malamulo a kuno samuonanso ngati mwana, sangabwere pa mapepala a mayi ake. Chiyamiko amakwana 18 pa 19 Ogasiti chaka chathachi. Petronella ankagwira mashifiti owonjezera mpaka miyendo kutupa, kusunga za pasipoti, viza, tikiti ndi dipoziti ya nyumba ya zipinda ziwiri. Poti iye nthawi analibe, zoyendetsa mapepala anasiyira mwamuna wake, ndi khadi la kubanki lomwe.

A Greenwell kuno anapeza ntchito yokankha matolole pa supamaketi. Munthu amene alimi ankamuvulira chipewa, pano akuthamangitsa matolole pamvula atavala chijekete chachikasu. Petronella naye pakamwa pake si pabwino, tinene zoona. Mwamuna akati ayambe za mitengo ya mbewu, iye amvekere abambo, mitambo ya kuno simuidziwa, kankhani matolole. Ankanena pamaso panga, nthawi zina pamaso pa alendo.

Kuntchitoko kunali bambo wina wa ku Zambia, dzina lake Brave. Ameneyo ndi amene anawaonetsa msika wa pafoni. Ine poyamba sindinkamva, mpaka a Greenwell anandifotokozera ngati mwana. Akuti sugula thumba lenileni ai. Umagula lonjezo, loti mwezi wakutiwakuti chimanga kapena soya chidzakhala pa mtengo wakuti. Ukalosera bwino wadya, ukaphonya wadyedwa. Ndinati ndiye ndi zomwe zija za chimanga cha m'munda. Anati eya, amayi, koma uku kulibe wolira.

Msikawo sunali wa kuno. Unali wa kudziko lina la pachilumba, dzina lake lilime langa silikwanitsa. Atayesa kulembetsa, n'kulemba kuti amakhala ku London, foni inawakana. Inalemba kuti anthu okhala ku Britain sitiwalandira, chifukwa sitinalembetse m'kaundula wa boma la kumeneko. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma Brave amvekere, “Mudala, ni vopepuka ivi, lembani chabe kuti muli ku Malawi.” Dzina lawo anaopa kulembapo, kuti lingadzawavute pa viza. Ndiye anaganiza za amayi awo. Chiphaso cha unzika a NaChisale anali nacho, amachisunga m'kachikwama ka m'khosi podikira makuponi a feteleza. Anatumiza foni yabwino kumudzi, n'kuuza Chiyamiko kuti ajambule chiphasocho, kenako aloze foni kunkhope ya agogo ake. Makinawo amafuna aone kuti munthu ndi wamoyo, amati yang'ana kutsogolo, tembenuka, phethira. Gogoyo akuti anaseka mpaka misozi, kumafunsa ngati azungu akufuna kum'kwatira. Mwana anauzidwa kuti ndi za thandizo la okalamba. Zinatheka. Mayi wa zaka 74, wosadziwa kulemba dzina lake, anakhala wamalonda pamsika wa kunja.

Tsono apa mvetsetsani, chifukwa ena mumanena kuti analuza. Sanaluze. Munthu uja chimanga amachidziwa. Anaika ndalama zonse za ulendo wa mwana, ndi za pasipoti zomwe, mkazi wake n'kumuuza kuti pasipoti analipira ikudikira kutuluka. M'miyezi isanu ndi iwiri ndalama zija zinatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Anayamba kuyenda mosintha, kumaimba nyimbo posamba. Ankafuna adzazitulutse mu Julayi, adzaike patebulo pamaso pa Petronella, aone ngati adzatchulenso matolole.

Kumayambiriro kwa Julayi kunabwera uthenga. Msika uja unkafuna tsopano kulembetsa kumayiko akuluakulu, ndiye akuluakulu a boma kwawoko anaulamula kuti upereke lipoti la makasitomala onse, ndani, ali kuti, alipodi kapena ndi mayina chabe. Aliyense aonetsenso nkhope pasanathe masiku 21, apo ayi ndalama sizituluka. Mwayi woyesa unali katatu.

Koma a NaChisale anali atagwa mu Juni, matenda aja oumitsa ziwalo. Mbali imodzi ya nkhope inali itatsika, pakamwa patapotoka. Chiyamiko ndi amene ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, uku akulemba mayeso a Fomu 4. Anayesa koyamba, makina anati nkhope siikufanana ndi ya pachiphaso. Anayesa kachiwiri atawakhazika padzuwa, chimodzimodzi. A Greenwell anati tidikire, nkhope ibwerera. Anatumiza ndalama ya mafuta oti azisisita tsaya. Ya chipatala sanatumize, analibe.

Linali Lachiwiri m'mawa, cha m'ma 7. Petronella anali atapita kale kukakwera sitima. Ine ndinatsika kudzateleka madzi, ndinapeza a Greenwell ali chiimire pawindo la khitchini, foni ataiika pokweza mawu chifukwa laini inkadukaduka. Uko mwana ankalankhulira pa kafoni ka mabatani ka agogo ake. Ndinamva ndi makutu anga.

“Adadi, agogo atisiya.”

Ine ndinagwira pamtima n'kukhala pampando. Ndinkadikira kuti munthu alire mayi ake. Iwo anangofunsa mwana kuti wauza ndani. Mwana anati palibe, wangowapeza kumene pobwera kotunga madzi.

“Usalire kaye. Tseka chitseko.”

Kwathu mukudziwa, maliro salira chisawawa, amayamba auza eni mudzi ndi akuluakulu, kenako ndiye kulira kumveke. A Greenwell anaona mpata pamenepo. Anamuuza mwana kuti awadzutse, awatsamiritse kukhoma, awamange duku loyera lija la kutchalitchi, awapukute kumaso. Anati munthu akapita nkhope imamasuka, mwina tsaya labwerera. Mwana anati adadi sindingathe, azizira. Apa ndi pamene anamuuza zoona, kuti si za okalamba ai, ndalama zake zonse za ulendo zili m'menemo, ndipo kwatsala kuyesa kamodzi.

“Ukufuna kubwera kwa amako, kapena ukufuna kudzafera pa Dowa ngati agogo akowo? Sankha, nthawi ikutha.”

Ndinati achimwene, opani Mulungu, amenewo ndi mayi anu. Anandipatsa msana. Ndinaimbira Petronella, foni yake inali m'kabati kuntchito. Ndikanawalanda foni ija, thupi ndili nalo. Sindinawalande. Chimenecho ndimapempha nacho chikhululukiro mpaka lero.

Tinamva mphasa ikukhwekhwereza, mwana akupuma ngati wanyamula thumba. Tinamva akuti pepani agogo, pepani agogo. Kenako anati maso atseguka koma mutu ukugwa. Bambo ake anati augwire kumbuyo ndi dzanja limodzi, foni aimike pa mtondo. Mwana anati makina akuti atembenuke. Bambo ake anati uwatembenuze pang'onopang'ono. Kenako mwana anati, “Akuti aphethire.”

“Tsitsa zikope ndi chala, ukwezenso. Chala chisaoneke.”

Chala chinaoneka. Makina analemba kuti zakanika, akaunti yatsekedwa. Ndipo nthawi yomweyo chitseko chinatseguka uko. Anali a Gladys, mkazi wa msuweni wa a Greenwell, amabwera ndi phala la wodwala. Anapeza mtembo uli tsonga utavala duku, mtsikana zala zili m'maso mwa agogo ake, foni ikuwala pa mtondo. Kukuwa kwawo tinakumva ku Tottenham, laini n'kuduka.

A Greenwell anavala chijekete chawo chachikasu n'kupita kuntchito. Ine ndinatsala ndi madzi akuwira.

Petronella ndinam'dikirira pakhomo madzulo, ndinamuuza ndekha asanavule nsapato. Sanakuwe. Anakwera, anatenga foni ya mwamuna wake, anawerenga zonse mwakachetechete, kenako anapempha lisiti la pasipoti. Panalibe. Anatsika n'kudzagona pasofa panga ndi yunifolomu.

Kumudzi nkhani inali itapsa kale. Ndani akanamva za msika wa pachilumba? Anthu anati Greenwell wakhwimira mayi ake, wawagulitsa kwa a satana kuti alemere ku Ulaya, ndipo mwana ndi amene amatumiza mzimu pafoni. Ena anati n'chifukwa chake nkhope inapotoka, anayamba kuidya kalekale. Adzukulu anakana kukumba manda mpaka atalipidwa mbuzi. Chiyamiko anamukhazika payekha kuseri kwa nkhokwe masiku awiri, mbale yake payokha, madzi ake payokha. Atsikana amene analemba nawo mayeso ankadutsa n'kumatseka maso ndi zala, kumaseka. Sanam'lole kuponya dothi. A Greenwell sanapite, tikiti akanaigula ndi chiyani, ndipo akanapita sindikudziwa ngati akanabwerako. Tsiku lotsatira maliro mwana anasowa, foni yabwino ija ataiponya m'chimbudzi.

Mwana wanga Fiona amagwira ntchito kubanki, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Ndinam'pempha awathandize. Anaimba ku ofesi ya boma yoyang'anira misika ya ndalama, anafufuza m'kaundula, n'kutikhazika pansi. Anati msika wa kunja ukafuna kugulitsa kwa anthu a kuno umayenera kulembetsa kuno, n'kumapereka malipoti, kuti zikavuta pakhale pokadandaula. Umenewu sunalembetse, ndipo sunaname, unawauza poyera kuti musalowe. Anati ankolo, anakutsekerani chitseko inu n'kulowera pawindo, ndiye mukadandaula kwa ndani? Amsika nawo, Fiona atawalembera kalata, anayankha. Anati ngati mwini akaunti wamwalira, achibale atumize chikalata cha imfa ndi makalata a kukhoti, afotokozenso chifukwa chimene malonda a mayi wa ku Dowa ankachitikira ku London, komanso amene anayesa kulowa m'mawa wa tsiku la imfa. Fiona anati mukayankha zimenezi mwadzilembera nokha mlandu wachinyengo, ndipo mapepala anu ndi a anti akhoza kupita limodzi. Sanayankhe. Ndalama zili komweko mpaka lero, m'dzina la munthu ali m'manda.

Tsono ndinene za ife. Kutchalitchi kwathu munthu akaferedwa timasonkha, ndi mwambo wathu, ngakhale amene sitimukonda. Ine ndinayenda ndi envelopu Lamulungu lija, ndinanena kuti si za a Greenwell, ndi za mwana, kwatsala milungu itatu. Nkhani ya a Gladys inali itafika kale m'mafoni mwanu. Wina anandiuza kuti ndalama yake siingakasakanikirane ndi za magazi. Wina anati tiyambe taona ngati mtsikanayo ali bwinobwino, tingaitanitse mfiti pakati pa ana athu. Amene munanena mukudzidziwa, ndipo munali mutangotsika kumene kuimba kwaya. Envelopu inabwerera yopepuka ngati mmene inapitira. Azibambo nawo anawapatsa a Greenwell dzina, a Phethirani. Akatulutsa foni m'thumba kuti aone nthawi, amayi ankaphimba nkhope ndi mabuku a nyimbo, ana n'kumaseka. Iwo ankangokhala pabenchi lakumbuyo, kuyang'ana nsapato.

Petronella sanagone. Anakongola kwa anzake a kuntchito, anthu a mitundu ina amene sadziwa n'komwe kuti Dowa ili kuti, anagulitsa ndi mphete yomwe. Ndalama inapezeka. Anapeza ndi munthu ku Lilongwe woti athamangitse pasipoti. Chimene chinasowa ndi mwana. Mchemwali wake wa Petronella anayenda ku Mponela, ku Madisi, kuzipatala, kupolisi. Ife kuno tinasala kudya masiku atatu, anthu awiri.

Mwana anapezeka kutatsala masiku asanu ndi limodzi, ku Mchesi mu Lilongwe, akutsuka mbale pa lesitilanti ya mayi a mnzake wa kusukulu. Munthu wa pasipoti uja anati akabwera Lolemba m'mawa kudzajambulitsa, mwina zitheka. Mchemwali uja anam'patsa mwanayo foni. Linali Loweruka masana, Petronella anakhala patebulo langa, ine pambali, a Greenwell ataima pamasitepe pomwe ankamva zonse.

Petronella analankhula nthawi yaitali. Anapepesa, analira, anamuuza za sukulu ya unamwino, za chipinda chakechake, kuti kuno palibe amene adzam'loze chala. Pamenepo ananama, koma ndi mayi. Ife timangomva mbale zikugundana kumbuyo. Kenako mwana anafunsa.

“Adadi ali m'nyumba momwemo?”

“Ali muno, koma ndiwathamangitsa lero lomwe. Mapepala awo ali pa ine. Ndikangolemba kalata imodzi abwerera kumudzi, iwe sudzawaonanso.”

“Ayi amami, musawathamangitse. Mukawathamangitsa abwera kuno.”

Petronella anati ndiye bwera iweyo, iwo apite, musemphane m'mwamba. Mwana anati zimenezo zitenga miyezi, afika n'kuwapeza, ndipo iye sangakhale tebulo limodzi ndi munthu ameneyo ngakhale tsiku limodzi, sangamve mawu ake kuseri kwa khoma. Anati akamva mawu a mwamuna pafoni manja ake amazizira. Sanalire, ankalankhula ngati munthu wamkulu wotopa.

“Asungeni komweko, amami. Ine ndikhala kuno. Mukandikonda, chitani chimenecho.”

Kojambulitsa sanapite. Pa 19 Ogasiti Petronella anapita kuntchito ngati tsiku lina lililonse, pobwera anabweza ndalama za anzake zija mmodzimmodzi.

Anasamuka kwanga mu Novembala, ali ku Romford tsopano, pafupi ndi chipatala. Nyumba ya zipinda ziwiri anaipeza, china amagona Petronella, china a Greenwell. Amawaphikira, amawachapira, salankhula nawo kupatula za bilu ya magetsi. Khadi la kubanki anawalanda, malipiro awo a matolole amalowa kwa iye, amawapatsa ya basi. Foni ali ndi ya mabatani. Ndinakumana nawo mwezi watha pa siteshoni, aonda, tsitsi layera mbali imodzi. Anandiuza kuti akufuna kupita kwawo, akaone manda a mayi awo, akagwade, ngakhale anthu akawagende. Anapempha kuti ndikam'nenere Petronella awapatse pasipoti yawo, poti anaitsekera kuntchito kwake. Ndinawauza kuti ndiwapempherera, koma kukanena sindikanena.

Chiyamiko mayeso aja anakhoza bwino, ngakhale analemba akusamalira wodwala. Akadali ku Mchesi. Amalankhula ndi mayi ake Lamulungu lililonse masana, Petronella amatuluka kukaimbira panja. Mu Januwale mapepala a a Greenwell amatha. Petronella analipira yekha kuwawonjezera zaka zina zitatu, n'kubwera kwanga ndi lisiti kuti tigwade, tipemphe Mulungu amupatse mphamvu ndi ntchito yokhalitsa, mwamunayo asadzapeze njira yobwerera. Ndinagwada naye. Ine ndinangoti Ambuye mukudziwa ndinu.